Bokosi Lokangana la Gwiragwira

Uyu ndi Gwiragwira. Ndi mtsikana wamng'ono. Dzinali anamupatsa ndi azakhali ake. Manja ake sadziwa kukhala phee.

Akaona wailesi, agwire. Akaona wotchi, agwire. Akaona tochi, amasule. Kenako tochi osayakanso. Ndiye Gwiragwira ameneyo.

Gwiragwira ali ndi mlongo wake, khanda. Onse amamutcha Bwana. Bwana akalira, nyumba yonse imathamanga. Gwiragwira amamukonda Bwana kuposa wailesi. Amamukonda kuposa tochi.

Koma sabata ina Bwana anakana tulo. Gwiragwira ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Bwana agone.

Vuto lake linayamba chonchi.

M'nyumbamo munali azakhali awiri. Azakhali Aakulu ankasoka zovala. Azakhali Aang'ono ankaluka tsitsi. Chipinda chawo chinali chimodzi. Windo limodzi. Sizasi imodzi. Ndiye mukuti munali mtendere? Mtendere wake uti!

"Iwe, sizasi yanga ili kuti?" ankatero Azakhali Aakulu. Mawu awo anali ngati ng'oma. Bu! Bu! Bu!

"Yanu? Inalembedwa dzina lanu, achemwali?" ankayankha Azakhali Aang'ono. Mawu awo anali ngati mbewa yopondedwa mchira. Tswi! Tswi! Tswi!

"Tsitsi lako lagweranso pa nsalu yanga!"

"Nsalu yanuyo ndiyo yalondola tsitsi langa!"

Bu! Bu! Bu! Tswi! Tswi! Tswi! Kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Nanga Bwana? Bwana ankagona pomwepo, pakati pawo. Miyendo tasa. Kamimba m'mwamba. Tulo tofa nato.

Tsiku lina abambo anatopa nazo. Iwo ndi okonza mawailesi. Anatuluka m'chipinda chawo cha ntchito, magalasi ali pamphuno.

"Basi!" anatero. "M'nyumba muno muli mwana. Kuyambira lero kukangana ayi. Amene ayambe, katundu wake panja!"

Azakhali Aakulu anatseka pakamwa. Azakhali Aang'ono anatseka pakamwa. Anapatsana misana. Nyumba yonse inangoti zii.

"Mwaona?" anatero abambo, chifuwa chili patsogolo. "Nkhani yatha."

Yatha? Ha! Mpamene inkayamba.

Bwana anatsegula maso. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anakwinya nkhope.

"Ng'aaa!"

M'mawa, ng'aaa! Masana, ng'aaa! Madzulo, ng'aaa!

Amayi anamuyamwitsa. Ng'aaa! Anamusambitsa. Ng'aaa! Anamubereka kumbuyo, kuzungulira naye nyumba. Ng'aaa!

Anapita naye kuchipatala. Anamwino anamuyeza uku ndi uku.

"Mwanayu sakudwala," anatero anamwino. "Ali ndi tulo basi."

Abambo anakanda mutu. "Ndiye kuti phokoso likadalipo," anatero.

Anachotsa wotchi pakhoma. Anathira mafuta pa chitseko. Analetsa kuyimba mluzu. Onse ankayenda monyang'ama ngati amphaka. Azakhali Aakulu ankayetsemulira m'nsalu. Nzeru za abambo zimenezo!

Nanga Bwana? Ng'aaa!

Maso a amayi anafiira. Tsiku lina m'mawa anatsitsa chikwama chachikulu.

"Mwanayu nyumba ino waikana," anatero. "Mawa ndipita naye kwa amalume ake. Kumeneko ndi kwa zii."

"Mubwerako liti?" anafunsa Gwiragwira.

"Akadzayamba kugona."

"Nanga ine?"

"Iwe uli ndi sukulu, mwana wanga."

Gwiragwira anayang'ana chikwama chija. Kwa amalume ndi kutali. Amayi apite? Bwana apite? Iye atsale ndi azakhali awiri osayankhulana?

Anakhala pansi. Anadzuka. Anatuluka panja. Analowanso. Manja ankamuyabwa.

Analowa m'chipinda cha abambo. Pa tebulo panali mawailesi otsegulidwa mimba. Mawaya ofiira, mawaya akuda. Kunsi kwa tebulo kunali makompyuta awiri akalekale. Fumbi lokhalokha. Anali akale kuposa Gwiragwira.

"Ababa, awa ankayimba?"

"Ankayimba," ananong'ona abambo. "Ana akale ankasewerapo magemu. Ankalira pi-pi-po, pi-pi-po."

"Ndimasule?"

"Masula. Anafa kalekale."

Imvani zimenezo! Aka kanali koyamba munthu kumuuza kuti masula.

Gwiragwira anamasula kompyuta yoyamba. Fumbi linati phwii! Mkati anaona kanthu kakuda. Kanali ndi timiyendo tambirimbiri.

"Ababa, kabongololo!"

"Si bongololo. Ndi kachipi. Ndi kamene kankatulutsa mawu. Ndi kholingo la kompyuta."

Gwiragwira anamasula kompyuta yachiwiri. Anapezamo kachipi kena. Tsopano anali ndi tichipi tiwiri m'manja.

"Ababa, ndikufuna kupanga bokosi loyimba. Limuyimbire Bwana. Akagona, amayi sapita."

Abambo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Loyimba motsitsa?"

"Motsitsa, ababa."

Ntchito inayamba. Gwiragwira anatenga bokosi la nsapato. Anatenga sipika ya wailesi yakufa. Anatenga mabatire. Abambo anamupatsa kabolodi kobiriwira.

"Tichipi tikhala apa," anatero. "Kabolodika ndiko kaziuza tichipi zoyimba."

Panafunika kuboola bokosi. Gwiragwira anathamangira kwa azakhali. Anawapeza atapatsana misana. Sizasi inali pa tebulo, pakati pawo.

"Azakhali, ndibwerekeko sizasi. Ndipemphe kwa ndani?"

Azakhali Aakulu anatsegula pakamwa. Azakhali Aang'ono anatsegula pakamwa. Onse anayang'ana kuchipinda cha abambo. Anatsekanso. Masaya anatupa ngati achule. Analoza sizasi ndi milomo.

Gwiragwira anaitola n'kuthawa.

Anaboola mabowo awiri. Abambo anatenga chitsulo chowotcherera mawaya.

"Ichi n'chamoto," anatero. "Ichi chokha usagwire."

Gwiragwira anaika manja kumbuyo. Manja anabwerera kutsogolo. Anawakhalira. Ntchito inalipo!

Abambo ankawotcherera. Gwiragwira ankaloza.

"Waya wofiira apa. Waya wakuda apo."

Kautsi kankakwera. Kuchipinda kwina, ng'aaa! Ng'aaa!

"Fulumirani, ababa!"

Pamwamba pa bokosi panatuluka tizitsulo tiwiri topotokola. Gwiragwira anativeka zitsekerero za mabotolo. China chofiira. China chachikasu.

Anapotokola chofiira. Zii. Anapotokola chachikasu. Zii.

"Lafa lisanabadwe," anatero abambo.

Gwiragwira anasuzumira mkati. "Ababa, batire ili mwaliika chagada!"

Abambo anatsokomola. Okonza mawailesi amenewo! Gwiragwira anatembenuza batire.

Anapotokola chofiira. Piiii! Mawu aang'ono.

Anapotokola chachikasu. Puuuu! Mawu aakulu.

Gwiragwira analumpha. Ananyamula bokosi. Anathamangira kwa Bwana.

Dzuwa linali litapendeka. Amayi ankapinda matewera. Thewera, m'chikwama. Kachipewa, m'chikwama. Bwana anali pa bedi, akuponya miyendo.

"Bwana, tamvera," anatero Gwiragwira.

Anapotokola chofiira pang'onopang'ono. Pii-pi-piii. Kanyimbo kokoma. Kanyimbo kofewa.

Ng'aaa!

Anapotokola chachikasu pang'onopang'ono. Puu-pu-puuu.

Ng'aaa!

Anayesa motsitsa. Ng'aaa! Anayesa motsitsa kwambiri. Ng'aaaaa! Bwana analiponda bokosi ndi kaphazi.

Azakhali onse awiri anaima pakhomo. Abambo anapukusa mutu.

"Wayesetsa, mwana wanga. Zimitsa."

Amayi anakoka zipi ya chikwama. Zyuuu! Chikwama chatsekedwa.

Misozi inalengeza m'maso mwa Gwiragwira. Mtima unamupsa. Manja aja anachita zawo. Dzanja ili linagwira chofiira. Dzanja ilo linagwira chachikasu. Anapotokola zonse ziwiri mwaukali. Uku! Uko! Uku! Uko!

Bu! Bu! Bu!

Tswi! Tswi! Tswi!

Bu-bu! Tswi-tswi-tswi! Bu!

"Iwe!" anatero abambo. "Phokoso!"

"Tadikirani, bambo ake," anatero amayi. "Taonani."

Bwana anali chete. Kakamwa yasa. Ankamvetsera.

Gwiragwira anasiya. Ng'aaa!

Anayambanso. Bu! Bu! Tswi! Tswi! Chete.

Anasiya. Ng'aaa!

Anayambanso. Bu! Tswi! Bu-bu! Tswi! Chete. Bwana anayasamula. Timaso tinayamba kulemera.

Gwiragwira anayang'ana chachikasu. Anayang'ana Azakhali Aakulu. Anayang'ana chofiira. Anayang'ana Azakhali Aang'ono. Ohoo!

"Amayi," anatero, "Bwana sakufuna nyimbo. Bwana wasowa mkangano!"

Koma manja aja anapotokola mopitirira. Waya wina anati thapu! Anaduka. Bokosi linangoti zii.

Bwana anatsegula diso limodzi. Anatsegula lachiwiri. Kamlomo kanayamba kunjenjemera.

Kuwotcherera waya kumachedwa. Bwana sadikira munthu. Gwiragwira anapisa dzanja m'thumba la diresi. Anatulutsa sizasi ija. Anaikweza m'mwamba.

"Azakhali," anatero mokweza, "kodi sizasi iyi ndi ya ndani?"

Masaya aja anatupanso. Azakhali Aakulu anayang'ana abambo. Azakhali Aang'ono anayang'ana abambo. Amayi anayang'ana abambo. Ngakhale Bwana anayang'ana abambo.

Abambo anavula magalasi. Anawapukuta. Anawavalanso.

"Nanga mukuyang'ana ine bwanji?" anatero. "Mwana wafunsa. Muyankheni."

Eee! Ngati atsegula mpopi.

"Ndi yanga!" anabangula Azakhali Aakulu.

"Yanu yochokera kuti, achemwali? Ndi yanga!"

"Iwe unabadwa sizasi imeneyi ndili nayo kale!"

"Ndiye chifukwa chake ndi yobuntha! Yakalamba ngati eni ake!"

"Wati eni ake? Wavomera kuti ndi yanga!"

"Sindinavomere! Ndipo bokosi lija mwalimva? Bu, bu, bu! Ndinu amene uja!"

"Ine? Nanga kambewa kaja kamati tswi, tswi ndi ndani?"

"Mbewa ndi ine? Achimwene, mwamva? Akunditcha mbewa!"

"Ine musandilowetsemo," anatero abambo. "Pitirizani."

Bu! Bu! Bu! Tswi! Tswi! Tswi! Za sabata yonse zinatuluka. Za nsalu zinatuluka. Za tsitsi zinatuluka. Za windo zinatuluka. Zinali zokoma kumva, inu!

Nanga Bwana?

Miyendo tasa. Kamimba m'mwamba. Tulo tofa nato.

Amayi anakhala pa bedi. Anapuma mpweya wautali. Anakoka zipi. Zyuuu! Chikwama chatsegulidwa. Thewera, panja. Kachipewa, panja.

"Simupitanso?" anafunsa Gwiragwira.

"Ndipite kuti? Kwa amalume ako kulibe azakhali."

Amayi anamukumbatira. Kenako anagwira manja ake onse awiri. "Timanja iti," anatero. Asanamalize, nawonso anali atagona.

Mawa lake abambo anawotcherera waya uja. Gwiragwira ndiye anaika mabatire. Abambo sanaloledwe.

Azakhali Aakulu anasokera bokosi kachikwama. Azakhali Aang'ono analilukira kachingwe konyamulira.

"Chingwe chako n'chopindika," anatero Aakulu.

"Chikwama chanucho ndicho chopindika," anatero Aang'ono.

Masiku ano azakhali akapita kumsika, bokosi limagwira ntchito yawo. Gwiragwira amakhala pambali pa Bwana. Dzanja ili chofiira. Dzanja ilo chachikasu. Bu! Tswi! Bu! Tswi! Bwana amagona.

Koma masiku ena azakhali amadzuka bwino. Amamwera tiyi pamodzi. Amasekererana. Nyumba imati zii. Bwana amayamba kukwinya nkhope.

Pamenepo abambo amasiya wailesi. Amalowa monyang'ama. Amakweza sizasi m'mwamba.

"Alongo anga," amatero mwaulemu, "kodi sizasi iyi ndi ya ndani?"