Matimati a M'khwawa

Pakhomo pa a Mwalwimba, kufupi ndi Mwenilondo, sipankasowa phwete. Bambowo anali ndi galimoto ya thanki yopopa zimbudzi, ndipo ankanyada kuti m'Karonga monse palibe bwana amene amawadikiritsa pageti, poti chimbudzi chikadzaza mwini nyumba amachita kukuchingamira. Akazi awo ankawaikira ndowa ndi sopo kunja kwa mpanda, ndipo pemphero la madzulo silinkayamba bambowo asanasambe.

Bondo litayamba kuwavuta, anapereka kiyi kwa mwana wawo Manase.

"Kupopa aliyense angathe," anamuuza motero. "Ntchito yagona pokataya. Zonse zizikafika ku maiwe a khonsolo. Kumeneko zolemera zimadikha pansi, dzuwa limapha tizirombo, madzi n'kumayera akamachoka dziwe ili kupita linalo. Ukakataya pena atilanda chiphaso, ndipo banja lino limadyera chiphasocho."

"Ndamva, Tata."

Tinene chilungamo, maiwewo anali kutali, msewu wake wokumbika, ndipo masiku ena mlonda wa pageti ankachita kusakidwa. Madalaivala akuluakulu omwe ankadandaula. Koma chimene chinkamuvuta Manase sichinali msewu. Iye anali katswiri wa gule wa mapenenga, wotsogolera mzere, ndipo anzake ankakonzekera mpikisano masana aliwonse pamene iye akugwedezeka m'galimoto.

Tsiku lina Brave, woimba ng'oma wa gulu lawo lovina, anamuimitsa panjira atatsina mphuno.

"Bwana wa perefyumu! Lero tikuona?"

"Ndikataye kaye."

"Mpaka kutali konseko? Iwe, khwawa louma lija lili kuseri kwa migwalangwa walisiyiranji? Dzuwa la kuno limaphika dzira pamwala. Mawa ukapeza fumbi lokhalokha."

"Atate akamva andisenda."

"Adzamva kwa ndani? Kwa mbuzi?"

Manase anaseka, anakhotetsa galimoto, natsegula paipi m'khwawamo. Tsiku limenelo anavina mpaka atsikana analulutira. Mawa lake anatayanso momwemo, akucheuka uku ndi uku. Sabata yotsatira sankacheukanso n'komwe. Posakhalitsa mlonda wa ku maiwe anayamba kuiwala nkhope yake.

"Masiku ano ukumabwera msanga," anatero mayi ake.

"Ndazolowera msewu, Mama."

"Msewu suzolowereka choncho. Samala, mwanangu."

Mvula yoyamba itagwa, khwawa lija linayenda madzi, n'kutsikira kumunsi kumene anthu anakumba zitsime. Ana anayamba kutsekula m'mimba. Pakati pawo panali Tusekile, mwana wa Ipyana, mlongo wake wa Manase. Manaseyo ankakonda kumunyamula mwanayo paphewa. Anamugoneka kuchipatala, namuika madzi a m'mitsempha. Manase anapita kukamuona, koma analephera kumuyang'ana m'maso. Anadziuza kuti matenda otere amabwera ndi dzinja chaka chilichonse.

Mwanayo atatuluka, mayi a Manase anafika kunyumba ndi lichero la matimati, nkhope ili mwee.

"Onani madalitso! Amera okha m'khwawa la ku migwalangwa, ochuluka ngati wina anachita kufesa. Amayi onse akuthyola."

A Mwalwimba anatenga limodzi, naliyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa malo amodzi okha kumene matimati amamera chotere: m'mbali mwa maiwe a khonsolo, chifukwa njere zake zimadutsa m'mimba mwa munthu osafa.

"Amayi, tayani zimenezo, mukauzenso anzanu. Manase, ndani akulima dimba ndi galimoto yanga?"

Mayi aja anaponya lichero pansi n'kuthamangira sopo. Manase anayesa kutchula za msewu ndi za mlonda.

"Msewu ndi woipadi," anavomera bambo ake. "Zimenezo tikadakanena ku khonsolo, pakamwa tili napo. Koma Tusekile anakumba msewuwo ndi iye?"

Manase anagwada, misozi ili chuchuchu.

M'mawa mwake anapita limodzi kwa mlangizi wa zaumoyo, bambo akutsimphina, mwana akutsatira, ndipo Manase anaulula yekha. Zitsime zinathiridwa mankhwala. Chiphaso anachiimitsa mpaka mvula itatha, ndipo akuluakulu a khonsolo ananena mosabisa kuti akadapanda kubwera okha akadachilanda chonse. Miyezi imeneyo galimoto inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, banja likudya zochepa.

Akuluakulu aja analamula Manase kufukula zonse zimene anataya. Tsiku la mpikisano anzake anadutsa atavala zoyera mbee, iye ali m'khwawa ndi fosholo, matope mpaka m'mawondo. Brave anayang'ana kumbali ngati sakumudziwa. Amayi a m'mudzimo ndiwo anaima pamtunda n'kumamuombera m'manja: "Vina, mlimi wa matimati, vina!" Ipyana sanaseke nawo. Anabwera ndi madzi owiritsa m'botolo, anamupatsa kuti amwe, n'kubwerera kunyumba.

Achinyamata, ntchito mwina ndi yolemetsadi, ndipo kudandaula kwanu mwina n'koona. Kadandauleni kwa oyenera kumva. Koma musachite ulesi pa ntchito imene moyo wa anzanu wadalira. Chimene mwataya mobisa sichithera pomwepo: mvula idzachinyamula, ndipo woyamba kuchimwa akhoza kukhala mwana wa kwanu.