Misozi Yogula ya Emelia

Emelia Chingaipe anakulira ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, m'kanyumba kamene bambo ake anapatsidwa akugwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Fakitaleyo itatseka, bamboyo sanakhalitse. Anamwalira n'kusiya mkazi wawo, ba Mainess, ndi ana atatu: Martina, Emelia ndi wamng'ono pa onse, mnyamata dzina lake Chiko. Emelia ankaluka tsitsi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Zimene ankapeza zinkathera pa ufa ndi ndiwo, ndiponso pa mwana wake Mapalo, amene bambo ake anapita kumigodi osabweranso.

Koma mtima wake sunali pa tsitsi. Kuyambira ali mtsikana ankachita masewero kutchalitchi, ndipo pa Lachisanu Loyera ndiye ankakhala Maria. Anthu ankamuuza kuti nkhope yake ndi ya pa kanema. Iye anakhulupirira. Akamva kuti ku Lusaka akufuna anthu a filimu, ankakwera minibasi n'kukaima pamzere padzuwa. Zimene ankapatsidwa zinali zakumbuyo: mayi wogulitsa tomato, munthu wodutsa mumsewu, wodwala wogona pabedi nkhope itayang'ana kukhoma.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali Jasmine, mnzake wakusukulu amene anali atatchuka kale m'mafilimu. Anaphunzira kalasi imodzi, ndipo Jasmine ankachita chibwibwi akamawerenga. Tsopano nkhope yake inali pa chikwangwani chachikulu pamsewu wa ku Lusaka, ikumwetulira aliyense wokwera minibasi. Emelia akadutsa pamenepo ankayang'ana pansi.

Tsiku lina dailekita wina wa filimu, dzina lake Marvin, anamupatsa mwayi woyesera kukhala mkazi wamasiye.

"Lira manje," anatero Marvin.

Emelia anakwinya nkhope, anafuula, anadzigwetsa pansi. M'maso munali gwaa.

"Mau uli nayo, sisi, koma kamera siinamizika. Nifuna misozi. Pita, tizakutumira foni."

Foniyo sinalire. Koma mayi wina wopaka anthu zodzola pamalopo anamutsatira panja n'kumunong'oneza kuti ku Shimabala kuli mdala wina, ba Nedson, amene amatsegulira anthu njira.

Emelia anapita dzuwa lili pamutu. Ankayembekeza kaphanga ka mikanda ndi zikopa, koma anapeza dimba la lepu ndi kabichi, ndi mdala wochepa thupi akuthirira ndi kheni. Mdalayo sanatembenuke.

"Wabwera kufuna misozi," anatero.

Emelia anaima pomwepo. "Mwadziwa bwanji, atate?"

"Onse amene abwera kuno afuna chimene alibe. Iwe maso yako ni youma monga chitsime cha mu Okutobala. Khala apo."

Analowa m'kanyumba ka zipangizo n'kutuluka ndi kabotolo kakang'ono ka mafuta akuda.

"Uzipaka pansi pa maso. Akakuuza kuti lira, uganize munthu wa magazi yako. Umuone ali m'bokosi, thonje m'mphuno, manja pachifuwa. Utchule dzina lake mumtima. Misozi izabwera, ndalama zizatsata misozi."

"Nizalipira zingati?"

"Ine nili na kabichi yanga. Sinifuna kanthu. Botolo izadzilipira yokha."

"Nili na atete, alongo a atate, ku Chipata, amene anatilanda katundu atate atamwalira. Ningaganize iwo?"

Ba Nedson anaseka osatsegula pakamwa. "Munthu salira amene samukonda. Botolo idziwa kusiyanitsa. Ndipo chinanso: pa maliro ya m'banja mwako usapondepo. Usalowe m'nyumba ya maliro, usaone nkhope, usaponye dothi. Misozi yako yonse ni ya ntchito manje. Wavomera?"

Emelia anaganiza za denga lawo lodontha. Anaganiza za chikwangwani cha Jasmine. Anadziuza kuti kuganiza si kupha, popeza ochita masewero onse amakumbukira zowawa kuti alire.

"Navomera."

"Tenga. Usanene zikomo."

Marvin atamupatsa mwayi wachiwiri, Emelia anapaka mafutawo n'kusankha Chiko. Chiko anali kondakitala wa minibasi, wokonda nthabwala, amene ankamukweza ulere ndi kumuitana kuti "ba sitala", ngati kuti watchuka kale pa kanema. Anamuona m'bokosi atavala shati yake yofiira. Misozi inatsika yotentha, yambiri, mpaka wogwira kamera anapukuta m'maso mwake. Anamulemba ntchito tsiku lomwelo.

Filimuyo inatchuka. Azimayi a mumsika wa Kafue ankasiya malonda kuti akaonere, ndipo ankati palibe amene amalira ngati mwana wa ba Mainess. Emelia anakonzetsa denga, anagulira amayi ake mipando, analembetsa Mapalo sukulu yabwino.

Mvula isanayambe, Chiko anayamba kudandaula mutu. Anaonda, maso analowa m'kati. Kuchipatala sanapeze matenda. Anamwalira m'mawa wina amayi ake akumumwetsa phala.

Martina anaimba foni. "Emelia, bwera. Amai afuna iwe."

"Ba sisi, tili pakati pa ntchito. Nizatumiza bokosi na chakudya."

"Bokosi? Mlongo wako wafa, iwe ukamba za bokosi?"

Anatumiza bokosi lodula, matumba a ufa ndi mabasi onyamula anthu. Iye anakhala m'chipinda ku Lusaka, makatani atatseka, akuyesa kulira. Sipanatuluke dontho. Anadziuza kuti zangochitika, anthu amadwala tsiku ndi tsiku.

Mafilimu anabwera ena. Kwa kanthawi dzina la Chiko linkamuthandizabe, koma linayamba kuzilala ngati nsalu yochapidwachapidwa, ndipo tsiku lina misozi inakana. Marvin anali kudikira, magetsi atayaka, anthu onse ali chete. Emelia anayesa kuganiza mphunzitsi wake wakale, anayesa mnansi wina. Palibe chinachitika. Manyazi anamugwira, ndipo asanadziletse anaona amayi ake atagona, chitenje cha bungwe la amayi a kutchalitchi chitakuta bokosi. Analira mpaka mawu anatha. Chaka chimenecho analandira mphoto, ndipo nkhope yake inakwera pa chikwangwani chimene panali Jasmine.

Ba Mainess anadwala monga anadwalira Chiko. Emelia anawatengera kwa madokotala odula, koma ankadziwa chimene chinkawadya. Atakhala pambali pa bedi, amayi ake anamugwira dzanja.

"Mwana wanga, pa Chiko sunabwere. Anthu anakamba zambiri, ine ninakuikira kumbuyo. Pa ine ubwere. Usanichititse manyazi."

"Nizabwera, amai."

Sanabwere. Tsiku loika maliro anaimika galimoto patali ndi manda, magalasi atatseka, n'kumaona fumbi la anthu. Mnyamata wina wa m'kwaya anamuzindikira, ndipo nkhani inafalikira Nangongwe yense: Emelia amalirira ndalama, koma mayi wake womubala anamuonera m'galimoto.

Martina anabwera kunyumba imene Emelia anamanga pamtunda kunja kwa tauni. Sanakhale pansi. Analowa m'chipinda cha Mapalo n'kuyamba kulongedza zovala.

"Ba sisi, mwana ni wanga."

"Ni wa banja. Sinidziwa chimene unagwira, ndipo sinifuna kudziwa. Koma uyu sazagona m'nyumba muno."

Emelia sanalimbane naye. Mumtima anaona kuti Martina akuchita bwino.

Anabwerera ku Shimabala. Dimba linali litakula, ndipo ba Nedson anali kuzula udzu pakati pa mizere.

"Atate, tengani botolo yanu. Zakwana."

"Si yanga. Unavomera na pakamwa pako."

"Nizaitaya mu mtsinje."

"Taya. Uzaipeza m'chikwama."

"Ndiye nizaleka mafilimu. Sinizaliranso."

Mdalayo anaweramuka n'kumuyang'ana koyamba m'maso. "Mbuzi ukaizoloweza kudya m'dimba, ukaleka kuipatsa imadumpha mpanda. Ukapanda kusankha iwe, botolo izasankha yokha. Ndipo imakonda zanthete. Uli na kamwana, si choncho?"

Emelia anagwada m'matope. Anapempha, analonjeza nyumba ndi galimoto. Ba Nedson anabwerera ku udzu wawo.

Kuyambira pamenepo nyumba ya pamtunda inakhala zii. Wantchito anachoka osatsanzika. Kutchalitchi akakhala pabenchi, anthu ankasunthira kwina, mpaka analeka kupita. Ankaphika nshima n'kuidya ataimirira kukhitchini, chifukwa tebulo lalikulu lopanda anthu linkamuchititsa mantha. Foni inkalira kawirikawiri, koma onse oimba ankafuna ntchito kapena chithunzi. Masana ena ankaimika galimoto pafupi ndi sukulu kuti aone Mapalo akutuluka ndi anzake. Sankamuitana. Ankaopa ngakhale kumuyang'anitsitsa, kuti nkhopeyo ingakhazikike m'mutu mwake.

Anakana mafilimu angapo. Kenaka Martina anatumiza uthenga waufupi wakuti Mapalo wayamba kudandaula mutu.

Sabata yomweyo Marvin anabwera yekha ku Kafue. Anali ndi filimu yatsopano, ya mayi amene mwana wake wamkazi wamira mumtsinje, ndipo ankafuna kuijambulira m'mbali mwa mtsinje wa Kafue momwemo.

"Palibe wina angaikwanitse, ba Emelia. Ni yanu iyi."

Emelia anavomera. Anali ataganiza kale chochita. Mwa amagazi ake amene ankawakonda munatsala Martina ndi Mapalo, ndipo popanda Martina mwanayo akanakhala wopanda womulera.

Tsiku lojambula kunatentha. Asodzi anasiya maukonde, ana anakwera m'mitengo. Anagoneka kamtsikana ka filimu pamphasa, zovala zitanyowa, n'kukafunditsa chitenje. Kanali ka msinkhu wa Mapalo. Emelia anapaka mafuta aja. Nkhope ya mwana wake inayamba kubwera yokha, ndipo iye anaikankha ndi mphamvu zake zonse. M'malo mwake anadziona yekha. Anaona bokosi, thonje m'mphuno mwake, manja ake pachifuwa, mikanda yake ya m'khosi. Anatchula mumtima: Emelia.

Ankaopa kuti misozi ikana, popeza ankaganiza kuti amadzida. Koma inabwera ngati mpopi wothyoka, kuposa ya Chiko, kuposa ya amayi ake. Apo ndi pamene anadziwa kuti munthu amene ankamukonda kwambiri zaka zonsezi anali iye mwini, ndipo kudziwako kunamuliritsa koposa. Marvin anafuula kuti zakwana, koma iye sanaleke. Anamunyamula kupita naye kugalimoto anthu akuwomba m'manja.

Mapalo anachira. Emelia anamva zimenezi kwa mayi wogulitsa makala pageti, chifukwa Martina sanaimbenso.

Mutu wa Emelia unayamba kupweteka pang'onopang'ono. Sanapite kuchipatala. Anasamutsira nyumba m'dzina la mwana wake, koma Martina anabweza mawu akuti za magazi sazifuna. Emelia anaonda mpaka zibangili zinkavuka zokha. Ankagona pampando wa pabalaza, kanema akuonetsa mafilimu ake, n'kumadziona akulirira amuna, ana ndi makolo a anthu ongopeka. Tsiku lina anaimba foni kwa Martina.

"Ba sisi, nipatseniko Mapalo nimve mau yake chabe."

Martina anapereka foni kwa mwanayo. Kenaka kunamveka mawu aang'ono. "Halo? Muli shani?"

"Nili bwino, mwana wanga. Mutu unaleka?"

"Unaleka. Amai Martina akuti nizipita kukatunga madzi."

"Pita, mwana wanga."

Amene anapeza Emelia atamwalira ndi munthu wowerenga mita ya madzi, amene anadabwa ndi ntchentche pawindo. Kanema anali akadali woyaka.

Nyuzipepala zinalemba za iye, ndipo anthu amene sanamuonepo ndi maso anamulira pa mafoni awo. Koma ku Kafue maliro amabwezerana. Azimayi a ku Nangongwe sanabwere kudzagona m'nyumba, amuna sanasonkhe moto panja, kwaya inati ili ndi zochita zina. A filimu anafika ndi magalasi akuda, anajambula zithunzi pamanda, n'kubwerera ku Lusaka dothi lisanathe kukwiriridwa. Martina anaima patali atagwira Mapalo paphewa. Mwanayo anayang'ana bokosi likutsika monga mmene munthu amayang'anira katundu wa eni ake, kenaka anafunsa ngati angapite kunyumba.

Nyumba ya pamtunda ilipobe. Palibe waigula, ndipo udzu wafika m'mawindo.

Inu amene mumaona nkhope ya mnzanu pamwamba n'kuchita nsanje, dziwani kuti chuma cha mankhwala chimadya anthu, ndipo chimayambira pa amene amakukondani. Emelia akanapitiriza kuluka tsitsi ndi kuima pamizere yake, mwina akanatchuka mochedwa, mwina osatchuka konse, koma akanakalamba pakati pa abale ake. Dyera linamupatsa dzina lodziwika dziko lonse, n'kumulanda aliyense woti amutseke maso.