Mwendo wa a Zgambo

Pakhomo pa a Nowa Zgambo, kufupi ndi Jenda, munthu sankadya asanapemphere. A Zgambo anali mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya, ndipo kale anali katswiri wovina ingoma, gule wa zishango ndi zibonga. Ndati kale, chifukwa chaka china ngolo yodzaza chimanga inapulumuka pachitunda n'kulunjika pamene mwana wawo Wilkins, wa zaka zinayi, ankasewera. Iwo analumpha n'kumukankhira kumbali, gudumu n'kuwaponda mwendo. Kuyambira tsikulo ankayenda motsimphina, ndipo chishango chawo chinangokhala kudenga kumadyedwa ndi utsi. Sanadandaulepo n'kamodzi komwe.

Wilkins anakula wanzeru, koma wokonda kuti anthu azimuyang'ana. M'chaka cha 1971, ali Fomu 2 ku Boma la Mzimba, kunabwera galimoto ya kanema. Mazenera a holo anawatchinga ndi mabulangete. Zithunzi za chitukuko zitatha, anaonetsa kanema wakalekale wa ku Amereka. M'menemo munali munthu wakuda, wantchito wa m'nyumba ya azungu. Akamutuma ankakoka mapazi, kukanda m'mutu, kutong'ola maso, mawondo n'kumawombana akaona mthunzi wake womwe. Holo yonse inafa nalo phwete. Wilkins yekha sanaseke kwambiri, ankaloweza.

Pa holide anakaonetsa makolo ake zimene analoweza zija. Amayi ake, anyaShaba, anaseka mpaka misozi. Abambo ake sanaseke.

"Adada, munthu wakuda ngati ife, koma dziko lonse likumuonera!" anatero Wilkins.

"Ndamva, mwana wanga," anayankha a Zgambo. "Koma m'kanemamo ankaseka ndani, ankasekedwa ndani? Munthu uja ali ndi adada ake kwawo. Mwina njala inamupanikiza, sindimuweruza. Iwe chakupanikiza n'chiyani?"

Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mabuku anayamba kumulemera, mayeso analephera, ndipo m'malo mobwerera kumunda anakaima pa Jenda. Kumeneko anamukola a McDonald, mkulu wochokera ku Lilongwe amene anali ndi bala m'mbali mwa msewu.

"Mphwanga, khasu ndi la anthu opanda luso," anatero a McDonald. "Iwe uzingoima apa n'kutong'ola maso akowo. Mowa ndi wako."

Madalaivala a malole a matabwa a ku Chikangawa anam'patsa dzina loti Amereka. Ankadzuka dzuwa lili paliwombo, kukoka mapazi pakhonde la bala, kumwa, n'kugonanso. Ulesi umene anayamba ngati sewero unasanduka wakewake.

Tsiku lina anyaShaba anamulondola. "Ndapota nawe, Wilkins, tiye kunyumba. Fodya wakhwima, adada ako akuthyola okha ndi mwendo uja."

"Amama, ine ndine wa kanema, osati wa m'chigafa," anayankha, anzake n'kuwomba m'manja.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anthu anatopa nawo maso otong'oka aja. "Zomwezo dzulo, zomwezo lero!" ankakuwa. A McDonald anamukokera pambali. "Nthabwala zikagonera zimasasa, mphwanga. Peza china, apo ayi mowa waulere watha."

Wilkins anafunafuna m'mutu mwake, ndipo china anachipeza kunyumba kwawo. Anatenga chivundikiro cha mgolo ngati chishango, mpini wa tsache ngati chibonga, nayambitsa nyimbo ya ingoma. Akati apondetse phazi, mwendo unkapindika, iye n'kugwa chagada. Akadzuka ankatsimphina kuzungulira bwalo, kenako n'kugwada kupemphera ndi mawu enieni a abambo ake. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Tsiku loyamba mtima unamupweteka, koma anaumiza m'mowa. Lachiwiri sunapwetekenso.

Loweruka lina masana, tsiku la msika, a Zgambo anabwera pa Jenda kudzagula mchere. Anamva nyimbo imene ankaikonda ali mnyamata, mtima n'kuwakoka. Anthu atawazindikira anapatuka mmodzimmodzi, chiseko n'kumazima. Wilkins anali pakati pa pemphero lake lonyoza pamene anatsegula maso. Abambo ake anali ataima patsogolo pake, chipewa chili m'manja.

"Adada..."

"Mawu wawatha chomene, mwana wanga," anatero a Zgambo mofatsa. "Koma walakwitsa chimodzi. Ukutsimphina wakumanja. Ngolo inaponda wakumanzere uwu, pakuti iwe unali mbali imeneyi."

Anavala chipewa chawo n'kutembenuka. Bwalo lonse linawayang'ana akutsetsereka ndi msewu, akukoka mwendo wakumanzere, ndipo palibe anaseka.

Akanawathamangira pomwepo, nkhani ino ikanatha bwino. Koma manyazi anamuletsa. Anakwera lole ya matabwa kuthawira ku Chikangawa, akudziuza kuti akapepesa akasiya mowa. Mawa, mawa, mpaka miyezi inayi inadutsa akuseketsa ocheka matabwa kuti am'patse kotsalira m'chikho. Uthenga woti abambo ake adwala chibayo unamufika mochedwa, ndipo iye anachedwanso kunyamuka.

Anapeza manda a masiku awiri. Amuna a m'mudzi anali atavina kale ingoma yotsanzika mnzawo, popanda mwana wake. Wilkins anagwa padothi lofiira lija n'kulira ngati mwana, koma dothi silimva kupepesa.

AnyaShaba sanamukalipire. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chishango chija, atachipukuta mwaye.

"Adada ako ankayang'ana kumsewu tsiku lililonse," anatero. "Pomaliza anati ndikupatse ichi. Ati ukafuna kuvina, uvine ndi chenicheni, ndiponso ndi miyendo yonse iwiri, pakuti iwo anakusungira yonse."

Wilkins anasiya mowa. Analima munda wa abambo ake, nasamala amayi ake mpaka ukalamba wawo. Koma chishango sanachinyamulepo. Ingoma ikamveka kutsidya, iye ankalowa m'chigafa n'kutseka chitseko.

Anyamata ndi atsikana, kuseketsa anthu si tchimo. Tchimo ndi kugulitsa ulemu wa amene anakubalani kuti akumwa akuwombereni m'manja. Lemba likuti lemekeza atate ako ndi amayi ako. Ndipo ngati mwawalakwira, athamangireni lero lomwe akadali kuoneka pamsewu. Wilkins anadikira mawa, chikhululukiro n'kukachilandira m'manja mwa mkazi wamasiye.