Bwato la Angella

Loweruka nthawi ya 7:40 m'mawa, Sabu Insipekita Gertrude Namacha anatsika pa kabaza pafupi ndi damu la esiteti yakale, makilomita asanu kuchokera pa Lirangwe. Galimoto ya kuntchito inali pamiyala mwezi wachitatu, ndipo msana wawo unali utatopa nazo.

Mtembo unali m'shedi ya kalabu ya mabwato a matanga. Anali a Justus Kambalame, wapampando wa kalabuyo, mphunzitsi wamkulu wopuma. Anagona chafufumimba pambali pa bwato lobiriwira, bala lili kunkhongo, nkhafi yothyoka ili poteropo. Wachipatala anati anamwalira Lachisanu, pakati pa 3 koloko ndi 5 koloko masana.

Loko anali wothyoledwa, zingwe ndi misomali zili mbwee pansi, ngati mwadutsa akuba. Kutsogolo kwa bwatolo kunali chigamba cha penti woyera watsopano. Pashelefu panali chitini cha pentiyo chotsekedwa bwinobwino, ndi bulashi yoviikidwa m'botolo la parafini.

Tsikulo linali la ntchito yodzipereka, yokonzekera mipikisano ya mu Juni mwera ukayamba: kuzula namasupuni, kupaka mabwato, kusoka matanga. Pamndandanda panali mayina 32, koma obwera m'mawa anali anayi. Mbiri ya maliro itamveka anafika onse, n'kupondaponda pakhomo mpaka mapazi a wakuphayo anafufutika.

Pofika masana, bwana wa pasiteshoni anali atatsekera kale a Majidu Saidi, mlonda wa kalabu, bambo wa zaka 63. Malaya awo anali ndi magazi, komanso sabata yathayo anakangana ndi malemuwo.

"Lolemba apite kukhoti," anatero bwanayo. "Nkhani yatha iyi, mayi."

A Namacha anadziwa tanthauzo lake. Mlandu wakupha munthu, ukalowa ku rimandi umatha zaka usanaonane ndi jaji, ndipo a Majidu anali ndi chifuwa chosamveka bwino. Nthawi ya 2:15 anakhala nawo m'chipinda chofunsira mafunso.

"Lachisanu masana munali kuti?"

"Kumzikiti pa Lirangwe, bwana. Potuluka ndinachedwa pa bawo. Kenako chiperoni chija, ndiye ndinangopita kunyumba."

"Magaziwa?"

"Ndi ine ndawapeza m'mawa uno. Ndinawatukula mutu kuti mwina akupuma."

"Munakangana chiyani?"

"Ankati ndizizulanso namasupuni. Ndinati ine ndi mlonda, si mvuu."

A Namacha anakwera minibasi kupita pa Lirangwe. Anthu a pa bawo anavomera kuti mkuluyo analipo, koma wina anati anachoka 3 koloko, wina 5 koloko, wachitatu anafunsa ngati umboni uli ndi kangachepe. Anabwerera chimanjamanja, mtima ukuwawa.

Lamulungu a Namacha anataya m'mawa wonse kulondola mphekesera yoti anyamata ena akugulitsa zingwe za kalabu pamsika wa Chileka. Zinali zingwe zomangira mbuzi. Nthawi ya 1:30 anafika kwa a Modesta Likoswe, mlembi wa kalabu, amenenso ankasoka matanga. Anawapeza atangoweruka kutchalitchi, ndipo anali ndi zambiri kukhosi.

"Kalabu imeneyi ndi ya pakamwa, mayi. Pamsonkhano aliyense ndi katswiri. Tsiku la ntchito, wina maliro, wina msana. Malemuwo, Mulungu andikhululukire, zaka zisanu ndi zinayi sindinawaonepo atagwira bulashi."

"Nanga Lachisanu amapaka chiyani?"

"Kampani ina ya m'tauni inalonjeza matanga atsopano, bola dzina lake lilembedwe pa bwato labwino kuposa onse. Komiti inavomera Lachinayi. A Justus anati akafufuta okha dzina lakale, kuti pasakhale phokoso."

"Atamaliza anatsuka bulashi n'kutseka chitini?"

A Modesta anaseka koyamba. "A Justus? Kuno anthu amasiya bulashi padzuwa mpaka iume ngati chitsononkho. Amene amatsuka ndi mmodzi yekha, a Yobu Makwinja, kalipentala wathu. Amachita kutitukwana nazo. Mabwato onse asanu anakhoma ndi iwo."

"Pamsonkhano wa Lachinayi analipo?"

"Sitinawaitane." A Modesta anayang'ana pansi. "Bwatolo dzina lake ndi Angella. Anali mwana wa a Yobu."

A Namacha anadzitukwana chamumtima. Botolo la parafini analiona dzulo ndi maso awo, koma analidutsa. Wakuba sathyola loko n'kuyamba kusamala penti wa eni ake. A Justus anagwa penti asanaume, ndiye wina anatseka chitinicho iwo ali kale pansi.

Kunyumba kwa a Yobu anauzidwa kuti bambo apita kudamu. Anafikako 3:50 ndi wapolisi mmodzi. Chingwe chimene apolisi anatchinga nacho pakhomo pa shedi chinali chitamasulidwa n'kukulungidwa mwaluso. Mkati, bambo wa imvi anagwada kutsogolo kwa bwato lobiriwira, akulemba ndi penti wofiira pamwamba pa chigamba chija. Anali atalemba zilembo zinayi.

"A Makwinja, Lachisanu 4 koloko munali kuti?"

Sanatembenuke. "Mwachedwa, mayi. Ndimayesa mubwera dzulo."

"Ndakufunsani funso."

"Ndinali muno. Ndinabwera kudzalowetsa matanga, chiperoni chisawanyowetse. Palibe wina akanakumbukira." Anapukuta dontho la penti ndi chala. "Ndinawapeza atafufuta kale dzina lonse."

"Munawauza chiyani?"

"Ndinawafunsa ngati akudziwa chimene akufufuta. Angella anamira padamu pano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akutunga madzi. Kalabu iyi ndinaiyambitsa ine, kuti ana a kuno adziwe kusambira ndi kuyendetsa bwato. Matabwa awa ndinanyamula panjinga kuchokera ku Chileka, maulendo khumi ndi anayi. Enawa anabwera ataona kuti pali mipando."

"Anakuyankhani bwanji?"

"Anati komiti yagamula. Anati, a Makwinja, akufa sagula matanga." Anaviikanso bulashi mu penti wofiira. "Ananena akupakabe, osandiyang'ana n'komwe. Nkhafi inali pafupi. Ndinamenya kamodzi."

"Kenako munathyola loko kuti tiziti ndi akuba."

"Eya. Ndinamwaza zingwe ndi misomali. Koma potuluka ndinaona chitini chili pululu, bulashi ili padothi. Manja anangochita okha. Penti ameneyu tinamupeza movutikira."

Chisoni chinawagwira a Namacha, iwonso anali ndi mwana wamkazi. Koma mkwiyo unaposa.

"Mukudziwa kuti a Majidu ali m'chitokosi chifukwa cha inu?"

"Ndikudziwa."

"Akutsokomola pasimenti, mawa akupita kukhoti pa mlandu wakupha, inu muli phee?"

"Ndimati ndidzipereke. Koma penti woyerayu amafuna masiku awiri kuti aume, wofiira sangagwire pauwisi. Ndimadikira zimenezo." Anakweza maso koyamba. "Zatsala zilembo zitatu, mayi. Mphindi khumi zokha."

A Namacha anayang'ana wotchi. Bwana ankachoka pa ofesi 4:30, ndipo popanda siginecha yake chitokosi sichikanatsegulidwa mpaka mawa. Padamupo foni sinkagwira, ndipo ulendo wa kusiteshoni unali wa mphindi 25.

"Mphindi khumizo si zanu," anatero. "Ndi za a Majidu. Imirirani."

A Yobu anayang'ana bwatolo kanthawi, kenako anatambasula manja. Wapolisi uja anawamanga unyolo, n'kutuluka nawo kukakwera kabaza.