Bango Limene Anayezera Howard

Nkhaniyi si ya m'minibasi. Anaifotokoza Andireya Kamphambe mwini wake, masana, asanalawe chilichonse, ndipo mlamu wake Howard amavomereza mbali imene iye anaiona ndi maso. A Elifala, mlimi wa fodya wa m'munsi mwa phirilo, alipo mpaka lero. Wofuna akawafunse, koma apite dzuwa likadali pamutu.

Andireya anabwerera kuno atakhala kunja zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anabwerako ndi chizolowezi chimene ambiri sachimvetsa: kubereka chikwama, kukwera phiri popanda chimene ukukatenga, n'kugona komweko. Mu Lilongwe anapeza anzake a nthenda yomweyo, onse a m'maofesi, ndipo anam'tuma kuti afufuze malo apafupi, oti munthu n'kunyamuka Loweruka m'mawa, kugona kumtunda, Lamulungu n'kubwerako. Iye anati za Dowa ndi Ntchisi amusiyire, mchombo wake uli konko.

Koma mapiri amene ankawadziwa anatsala maina okha. Misuku imene ankatola masuku ali mwana, miwanga, mombo, zonse zinathera m'zigafa za fodya ndi m'matumba a makala opita ku Lilongwe komweko, kwa anthu amene amadandaula kwambiri kuti dziko lauma. Pa mapu a pafoni phiri lililonse linali lometedwa mpala. Panangotsala kachigamba kamodzi kobiriwira, m'mbali mwa phiri lina pakati pa Mponela ndi Ntchisi. Andireya atakaona mtima unakhala pansi. Anati uwu ndi msitu wa ubwana wake umene nkhwangwa zinauiwala. Sanadzifunse kuti nkhwangwa zinayamba liti kuiwala.

Ananyamuka Loweruka lina mu Julayi kuti akayambe wagonapo iye mwini asanatenge gulu. Anapita ndi Howard, mwamuna wa mlongo wake Mercy.

"Mundibwezere mwamuna wangayo wamphumphu, achimwene," anatero Mercy pachipata. "Ndi yekhayu, ndilibe wapadera."

Galimoto anaisiya pakhomo pa a Elifala, pomwe msewu wafumbi umathera. Anawapeza akuthothola mtedza ndi akazi awo, a Roza. Malonje atatha, Andireya anawaonetsa foni.

A Elifala anayang'ana kanthawi, kenako anapukuta manja pa buluku.

"Kumasano kumeneko, bambo. Manda akale. Mudzi unasamuka, koma ogona uko sanasamuke."

"Mapu sakunena choncho."

"Mapuwo anabwera liti kuno?" A Elifala analoza chigafa chawo. "Gonani umu. Fodya tinagulitsa, muli mbee. Phirilo mukwere mawa."

Andireya anathokoza n'kukana. Iye anali ataona kuti mkuluyo wafunsa kawiri nthawi yobwerera, komanso kuti maso ake akungobwerera ku galimoto. Ali m'njira anauza Howard maganizo ake.

"Pali chimene akubisa uko. Kaya uvuni wa makala, kaya munda wa chamba. Anthu a kuno akafuna kukuthamangitsa amakuopseza ndi mizimu."

"Alamu, zaka zonse zija munapita kukaphunzira kukayikira anthu basi?"

"Ndinaphunzira kuti munthu akakukomera mtima, ufufuze thumba lako."

"Ndiye chigafa chija mwachikaniranji? Ine miyendo yayamba kale kundizenga mlandu."

Anafika dzuwa litafiira. Mitengo inali ikuluikulu, yoti anthu awiri sangaikumbatire. Uvuni panalibe, chamba panalibe. Ziliza nazo panalibe, ndipo Andireya ananena zimenezi mokweza, ngati wopambana mlandu. Nkhuni zouma zinali mbwee, zina zitawolera pansi, m'dera limene amayi amaphikira zitsononkho. Posesa malo oika tenti, Howard anafukula mbale yachitsulo yobowoka pakati, kenako ina, kenako khasu lopanda mpini.

"Alamu."

"Anthu ankalima kuno. Khomani zikhomozo."

Anasonkha moto, nadya buledi ndi nsomba za m'chitini. Utsi sunkakwera. Unkangoyenda pansi, n'kulowa m'mitengo. Mphepo ya Julayi ankaimva ikuwomba kumtunda kwa phiri, koma mumsitumo tsamba silinagwedezeke. Howard anagona msanga, mkonono nawo osachedwa. Andireya anakhala maso, mpeni pambali, kudikira a Elifala ndi anzawo. Sanakayike kuti abwera.

Chimene chinayamba kumudabwitsa ndi bata. Nkhululu zinasiya kulira zonse nthawi imodzi.

Kenako khasu.

Phu. Phu. Linali pafupi, kuseri kwa tenti. Lachiwiri linalowapo, lolemera kuposa loyamba. Fungo la dothi lonyowa linalowa m'tenti, ngati la mvula yoyamba. Mu Julayi.

Anamva mawu a amuna, apansipansi. Wina anaseka, kaseko kaja ka adzukulu, okumba manda, akamachezerana kuti ntchito ipepuke.

"Muyeso uli kuti?"

"Ukubwera."

Mapazi sanamveke. Chinamveka ndi kanthu kouma kakukhuza nsalu ya tenti. Kanatsika pang'onopang'ono mbali imene Howard anagona. Moto unali utatsala makala okha, koma Andireya anaona nsaluyo ikulowa m'kati, mzere wowongoka, kuyambira kumutu kwa mlamu wake mpaka kuchidendene.

"Ndi wamtali," anatero wina, pafupi ndi khutu lake. "Muwonjezere kumiyendo."

Khetye. Mpeni unadula bango.

Mkonono wa Howard unasiya.

Andireya anatembenuka. Anatambasula dzanja, nagwira chifuwa cha mlamu wake. Chinali zii. Anawerenga mumtima mpaka makumi atatu. Chifuwacho chinakwera, n'kutsika. Dzanjalo sanalichotse mpaka tambala wa kumunsi analira. Makasu anasiya pomwepo.

Kutayera anatuluka yekha. Pansi panalibe pokumba, panalibe phazi la munthu. Koma m'mbali mwa tenti munali bango laliwisi, lodulidwa bwino, litagonekedwa molingana ndi Howard. Andireya ankaudziwa mwambowo, anauona ali mwana: munthu akamwalira amamuyeza ndi bango, adzukulu n'kupita nalo kumanda kuti dzenje lilingane ndi mwini wake.

Anaganiza za Mercy pachipata paja. Anaganiza kuti muyeso ukalakwika, dzenje silikhalanso la munthuyo. Anatulutsa mpeni, nadula mbali imodzi utali wa chikhatho, kachidutswako n'kukaponya paphulusa. Dzuwa litatuluka mantha anachepa, mkwiyo unabwerera. Anati awa ndi masewera a a Elifala, ndipo bangolo ndi umboni. Analinyamula. Kwa Howard anangoti ndi ndodo yotsikira.

A Elifala anawaonera patali. Anadzuka msangamsanga, lichero la mtedza n'kutayika.

"Imani pomwepo! Chimenecho sichilowa pakhomo pa munthu."

"Mwachidziwa eti?" anatero Andireya. "Munali angati usiku uja?"

"Awa sanatuluke," anayankha a Roza, atagwira kukamwa. "Tinachezera agalu. Amalira atayang'ana kuphiri."

"Bango kuno mungalipeze kuti, bambo?" anafunsa a Elifala. "Dambo lapafupi ndi ulendo wa maola awiri." Anayandikira, manja ali kumbuyo, nayang'ana nsonga zonse ziwiri. "Uku adula odziwa. Uku wadula ndani?"

"Ine."

"Chifukwa?"

Andireya anayang'ana Howard. Ananena zonse. Howard anakhala pansi pafumbi, osaseka.

"Liimikeni," anatero a Elifala chapansipansi. "Ayi, osati pa alamu anuwo. Pa inu."

Andireya analiimika pambali pake. A Roza anatembenuka, nalowa m'nyumba. Nsonga ya bangolo inathera paliwombo pake penipeni. Sipanatsale ngakhale chala.

A Elifala anaitana mkulu wawo, a Enoki, ndipo anayiwo anakwera phiri kukabweza bangolo. Pamalo pamene panali tenti anapeza manda okumbidwa kale. Akuya, m'mbali mosalala, dothi lofiira litaunjikidwa mbali imodzi. Phulusa la moto wawo linali likadali lofunda. Chichokereni iwo pamalopo sipanathe maola atatu. A Enoki anati m'midzi yonse yozungulira simunamveke maliro.

Palibe amene anayerekeza kugoneka bangolo pakamwa pa dzenje kuti aone ngati likulingana.

Manda sasiyidwa kukamwa. Akakumbidwa koma woikidwa palibe, amaikamo thunthu la nthochi m'malo mwa munthu. A Enoki anatsika kukadula kudimba kwawo, nabwera nalo paphewa. Analitsitsira m'dzenjemo pamodzi ndi bangolo, napepesa eni malo ndi mawu ochepa, n'kukwirira. Andireya anaponyamo dothi ndi manja ake. Atatsika anafuna kupepesa a Elifala, koma iwo anangoti apite, kukadali kowala.

Gulu la ku Lilongwe anangoliuza kuti malo aja madzi kulibe.

Lachinayi lotsatira, Andireya ali muofesi, foni inalira. Anali a Elifala. Anapereka moni wonse, anafunsa za kunyumba, za a Howard, za ana. Kenako anafunsanso:

"Muli bwanji m'thupi, bambo?"

"Ndili bwino. Kwagwanji?"

"Achimwene a Enoki anakwera kuja m'mawa uno." A Elifala anatsitsa mawu. "Apeza eni malo aja afukula. Nthochi ija aitulutsa, aigoneka pambali bwinobwino."

"Nanga bango?"

"Bango mulibe."

Andireya ali moyo, ndipo dokotala sapeza vuto lililonse. Koma chiyambire tsiku limenelo sagona chowongoka. Amapinda mawondo mpaka pachifuwa, ngati mwana wozizidwa, kuti wobwera ndi bango asapeze poyambira.