Chithunzi cha Diso Limodzi

Zimene ndikunenazi zinachitikadi. Noeleen Harkin alipo, mukhoza kumufunsa. Stavros nayenso anaona, ngakhale sakonda kuzikamba.

Ndinafika ku Queenstown kutada, pa galimoto yobwereka, mvula ikugwa. Aka kanali koyamba. Ine ndinakulira mu Melbourne, m'magetsi osazima, ndipo mdima wa ku Tasmania unandisokoneza. Nyumba ya Noeleen ndinaizindikira ndi fungo. Utoto ndi utsi wa nkhuni.

Noeleen anatsegula chitseko n'kundigwira kumaso ndi manja onse awiri.

"Murray. Wakalamba, galu iwe."

"Si paja akuti sukuona?"

"M'mbalimu ndikuona. Pakati ndi pomwe pada. Lowa, ukutilowetsera mphepo."

Tinali anayi kusukulu ya zojambulajambula: ine, Noeleen, Stavros ndi Dermot. Tinkakhala m'nyumba yothonya ku Brunswick, mu Melbourne, tikudya buledi ndi nyemba za m'chitini. Lamlungu linali tsiku lojambulana. Mmodzi pa mpando, enafe pa chinsalu chimodzi, aliyense ndi gawo lake. Stavros ankayamba ndi makala, mutu ndi mapewa. Noeleen ankathira utoto wa khungu. Ine manja. Maso anali a Dermot, ndipo ankabwera pomaliza. Lamulo linali limodzi: gawo la mnzako sukhudza. Tsiku lake lokhala pa mpando, Dermot anadziika yekha maso akudziyang'ana pa galasi.

Anzathu onse ojambula anadutsa pa mpando umenewo. Kupatula ine. Nthawi zonse ndinali ndi ulendo.

Noeleen ndi Dermot anakwatirana n'kusamukira kuno, zithunzi zonse anabwera nazo. Dermot anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Uthenga unandipeza ndili kutali ku Suva atamuika kale. Kenako Noeleen anaimba foni. Anati maso ake akutha, madokotala alephera. "Pakhoma pasowa iwe wekha. Bwera ndisanasiyiretu kuona."

Stavros ndinamupeza m'chipinda chojambulira, ali ndi vinyo m'kapu ya tiyi.

"Aise, taonani zodabwitsa. Mphepo yabwera yokha kudzakhala pansi."

"Mimba yonseyi ndi yako wekha?"

"Khala apo. Ukagwedezeka ndikumangirira."

Tinamwa supu ya maungu n'kuyamba. Manja ndinawabisa m'matumba, chifukwa wowajambula ndinali ine ndemwe. Makala anayamba kulira pa chinsalu, ndipo ndinangoona ngati tabwerera ku Brunswick. Pakhoma panali nkhope zonse zakale. Bronwyn wosema miyala ndi ndudu yake. Tuan ali ndi tsitsi lofika m'mapewa. Noeleen ali mtsikana, akuseka. Ena mwa iwo anapita kale. Maso awo onse anali a dzanja limodzi.

Noeleen ankapenta mutu ataupendeketsa, mphuno ili pafupi ndi chinsalu. Utoto ankachita kufunsa.

"Uwu ndi wofiira uti?"

"Wanjerwa," anatero Stavros. "Ukumuyenera. Chidakwa."

Anamaliza pakati pa usiku. Ndinadzuka kukaona. Ndinali ine ndithu, chibwano changa, makwinya anga. Pamalo pa maso panali chinsalu choyera.

Stavros anakanda ndevu. "Murray adziike yekha. Galasi lilipo."

"Maso ndi a Dermot," anatero Noeleen.

"Noel, Dermot kulibe."

"Ndati ndi a Dermot."

 Noeleen anatsuka mabulashi n'kuwaimika m'botolo. Anazimitsa nyale. Ine anandiyalira pa sofa m'chipinda momwemo, moyang'anana ndi chithunzicho.

Sindidziwa nthawi yomwe ndinadzidzimuka. Mvula inali italeka. Moto wa m'mbaula unali utazilala. Ndinagona chammbali, tsaya lakumanja lili mu pilo, maso otseka.

Choyamba chinali fungo. Nachesi wongosenda kumene. Dermot sankagwira bulashi asanadye nachesi, makoko ankawaponya m'thumba la malaya. M'nyumbamo munalibe nachesi. Ndinali nditaona mbale ya zipatso, munali maapulo okhaokha.

Kenako botolo linalira. Ngee. Ngati wina akusankha bulashi.

Ndinati ndi posamu, kanyama koyenda usiku, kalowera kudenga. Koma posamu sakoka mpando. Mpando unakokedwa, pang'onopang'ono, mpaka pafupi ndi sofa.

Wina anakhala. Thabwa linalira.

Ankapuma ndi pakamwa, mmene ankachitira akaika mtima pa ntchito.

"Murray."

Mawu apansipansi. Osakwiya.

"Tandiyang'ana, aise."

Ndinaopa. Koma ndikuuzeni zoona, si mantha okha. Ndinali nditamusowa munthu ameneyu. Ndinatsegula diso lakumanzere, lomwe linali pamwamba.

Mdima. Pa mpando sindinaone kanthu. Koma panali chondiyang'ana. Ndinkadziwa kuyang'ana kumeneko, ndinakuona pa anthu ena zaka zonse zija: kodekha, kosaphethira, kokufufuza mpaka mkati.

Bulashi inayamba. Tswa. Tswa. Kuima. Tswa.

Sindinagwedezeke. Moyo wanga wonse sindinakhalepo bata chotero.

"Linalo."

Ndinakanikiza nkhope mu pilo.

"Linalo, Murray. Tembenuka."

Sindinatembenuke. Chinachake chinandiuza kuti akamaliza, ulendo wanga wathera pomwepo. Kaya n'zoona, sindidziwa. Ndinaluma pilo.

Anadikira nthawi yaitali. Kenako anaseka pang'ono, ndi m'mphuno. Bulashi inabwerera m'botolo.

Kutangoyamba kuyera, Stavros analowa kudzakoleza moto. Nkhuni zinamugwa m'manja.

Pa chithunzi paja, diso lakumanzere linalipo. Lotuwa, lonyowa, muli kadontho koyera ka kuwala. Linali lamantha, komanso ngati likufuna kulira. Kumanja kunali chinsalu choyera.

"Wapanga ndiwe?" ananong'ona.

"Ine ndimatha manja okha. Ukudziwa."

Anakhudza m'mphepete ndi kachala. Utoto unamumata.

Noeleen anabwera atafunda bulangete. Anapendeketsa mutu uku ndi uku, kufunafuna mbali yomwe ikuonabe. Anaima pamenepo kwa kanthawi. Kenako anamwetulira ngati mtsikana wa pakhoma uja.

"Wachedwa, chitsiru," anatero. Sankanena ine.

Anatembenuka. "Gona usiku winanso. Umodzi wokha. Amalize ndikuonabe."

"Galimoto ndi yobwereka, Noel."

"Murray."

"Ndiyenera kukaibweza."

Sanandikakamize. Anandikulungira buledi ndi tchizi m'pepala. Stavros anandinyamulira chikwama, n'kundimenya paphewa.

Kunja kunali nkhungu. Mapiri opanda mitengo anali atayamba kuoneka, ofiirira, ozizira. Ndinaliza galimoto. Noeleen anafika pa windo n'kugogoda. Ndinatsitsa galasi.

"Wamuona?"

"Ayi. Ndangomumva."

"Amamveka bwanji?"

"Ngati kale."

Anagwedeza mutu, n'kubwerera m'mbuyo kuti ndidutse. Anakweza dzanja kutsazika, koma analozetsa kolakwika, pomwe galimoto inali itachokapo kale.