Tsiku Limene Tikondane Sanakuwe

Tikondane anali ndi chisoni. Bambo ake, a Sitima, anali m'chipatala ku Phalombe. Mwendo wawo unali wotupa. Koma mtima wawo ndiwo unadwala kwambiri.

A Sitima anali msodzi pa nyanja ya Chilwa. Chaka chatha nyanja inaphwa. Nsomba zinasowa. Avuwo, mbalame zazikulu zoyera zodya nsomba, anachoka.

Kenako mvula inagwa. Madzi anabwerera. Koma a Sitima sanakhulupirire.

"Madzi opanda avuwo ndi madzi opanda nsomba," iwo ankatero. "Ndikachira, ndikatani kumudzi?"

Amayi ake a Tikondane ankawapatsa phala. Bambo ankakana. Ankawapatsa mpunga. Bambo ankakana. Ankawaimbira nyimbo za kutchalitchi. Bambo ankatembenukira kukhoma. Tsiku ndi tsiku ankawonda.

Tikondane ankakhala kumunda wa mpunga, pafupi ndi nyanja. Ntchito yake inali kuingitsa mpheta. Mpheta zikatera, iye ankamenya chitini. Ankakuwa kuti, "Haa! Haa! Chokani!" Ankakuwa m'mawa. Ankakuwa masana. Pakamwa pake panazolowera.

Tsiku lina kunabwera azakhali a Gertrude, mlongo wawo wa bambo. Anabwera ndi kamera yaikulu. Iwo amayenda m'nkhalango zosungira nyama. Amajambula nyama ndi mbalame. Anamuonetsa Tikondane zithunzi za njovu za ku Liwonde. Anamuonetsa mbidzi za ku Nyika.

"Azakhali, kodi mungajambule avuwo?" anafunsa Tikondane. "Bambo akawaona, mwina adya."

"Kodi avuwowo alipo?"

"Dzulo ndinawaona patali."

"Tiyeni tiyese," anatero azakhali. "Koma mawa masana ndibwerera kuntchito. Ndidzera kuchipatala."

Anapita kumalire a munda. Anabisala m'bango. Matope anali ozizira. Udzudzu unkaluma.

"Mbalame zimafuna bata," azakhali ananong'ona. "Usayankhule. Usagwedezeke."

Anadikira. Kunabwera akakowa. Anadikira. Kunabwera atsekwe. Anadikirabe. Dzuwa linapendeka.

Kenako avuwo anafika! Anatera pamadzi mwakachetechete. Azakhali ananyamula kamera pang'onopang'ono.

Nthawi yomweyo mpheta zinatera pampunga. Tikondane anaziona. Sanaganize n'komwe. Anadzambatuka.

"Haa! Haa! Chokani!"

Mpheta zinathawa. Akakowa anathawa. Atsekwe anathawa. Avuwo nawonso anathawa.

Azakhali anayang'ana m'kamera. Munali madzi okhaokha.

"Iwe mwana iwe," anatero azakhali. "Mawu onsewo umawasunga kuti?"

Iwo ankaseka pang'ono. Koma Tikondane sanaseke. Anakhala pansi m'matope. Analira.

"Ndawathamangitsa ndine," iye anati. "Tsopano bambo sadya. Bambo afa."

Azakhali anamudzutsa. Anamupukuta misozi ndi chitenje. Anadikiranso pang'ono. Avuwo sanabwerenso.

Madzulo amayi anabwera kuchokera kuchipatala. Mbale ya phala inali yodzaza.

"Lero sanalawe n'komwe," anatero amayi.

Onse anagwada pamphasa. Amayi anayamba nyimbo, koma mawu anawathera. Tikondane anapemphera yekha.

"Mulungu, mbalame zonse ndi zanu. Mumadziwa kumene zagona. Chonde zibwezeni. Ndipo mundigwire pakamwa. Amen."

M'mawa anapitanso m'bango. Kunali nkhungu. Nyanja inali mbee. Kunalibe akakowa. Kunalibe atsekwe. Kunalibe avuwo.

Dzuwa linakwera. Wakabaza anafika kumsewu. Ankadikira azakhali ndi njinga yake.

"Mwanawe, nthawi yatha," anatero azakhali.

"Pang'ono pokha, azakhali. Chonde."

Pamenepo pamadzi panadutsa mthunzi. Vuwo mmodzi anatera. Wina anatera. Enanso anatera. Koma anali kutali.

"Asendere kaye," azakhali ananong'ona.

Ndipo mpheta zinafika. Zinali zambiri. Zinatera pampunga. Zinayamba kudya.

Mawu anakwera kukhosi kwa Tikondane. Iye anagwira pakamwa ndi dzanja limodzi. Anagwiranso ndi linalo. Mpheta zinkadya. Misozi inkatsika. Mpheta zinkadyabe. Tikondane sanakuwe.

Avuwo anasendera. Anasenderanso. Mmodzi anaviika mlomo m'madzi. Anavuula matemba onyezimira!

Kamera inalira kuti tche! Inaliranso kuti tche!

"Basi, kuwa tsopano!" anatero azakhali.

"Haa! Haa! Chokani!"

Tikondane anathamangira kwa amayi. Anali ndi mantha.

"Amayi, mpheta zadya mpunga. Ndinazisiya dala."

Amayi anayang'ana munda. Ngodya imodzi inali itadyedwa. Anapumira m'mwamba. Kenako anamukumbatira.

"Mulungu ndiye amadyetsa mbalame," iwo anati. "Lero wazidyetsa mpunga wathu. Tiye, kasambe."

Anafika kuchipatala masana. Bambo anali atayang'ana kukhoma.

"Achimwene, tatembenukani," anatero azakhali. "Tabwera ndi alendo."

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono. Tikondane anawaonetsa kamera. Iwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Uku ndi ku Liwonde," anatero bambo.

"Ayi, bambo. Taonani bwato ilo."

Bambo anayang'anitsitsa. Kuseri kwa avuwo kunali bwato lokhala ndi chigamba cha malata.

"Bwato langa ili!" anatero. "Ndipo awa ndi matemba! Wajambula ndani?"

"Ajambula ndi azakhali. Ine ndinangokhala chete."

"Iweyo? Kukhala chete?"

Bambo anaseka. Anaseka mpaka anakhosomola. Odwala ena anatembenuka kudzaona.

Kenako bambo anakhala tsonga. Anatambasula dzanja.

"Amake Tikondane, phala lija lilipo?"

"Lazizira, bambo."

"Ndipatseni choncho."

Amayi anadalitsa chakudya. Tikondane anagwira mbale. Bambo anadya phala lonse.